Liwombo la Abílio

Paris, 18 Malichi 1973

Amayi anga okondedwa,

Ndidalitseni. Mukhululuke malembedwe angawa, mukudziwa kuti sukulu ndinalekezera kalasi yachitatu, ndiponso ndikulembera pabondo chifukwa patebulo pali zochapa. A Dona Alzira, inu amene mumawawerengera amayi makalata kusitolo kwanuko, mundipirire.

Ndikhulupirira muli bwino ndipo chifuwa chija chikuchepa. Ife tilipo. Amuna anga a Belmiro akadali pantchito yawo yomanga, amachoka kusanache.

Mwana anabadwa pa 2 Febuluwale, wamwamuna. Ndachedwa kukuuzani, musakwiye. Dzina lake ndi Abílio, dzina la malemu bambo. Ndikudziwa munkafuna kuti adzabatizidwe kwathu mu Ogasiti inu mulipo, koma anabatizidwa kale kuchipatala tsiku lomwe anabadwa. Wansembe anali pafupi ndiye tinangoti zithe. Akadali konko, akuti amuonepo pang'ono. Kuno ana amatero nawo.

Ine ndinabwerera pantchito yanga yoyang'anira nyumba yosanja ija: kutulutsa mabini m'mamawa, kugawa makalata nsanjika zonse zisanu ndi imodzi, kukolopa masitepe. Ndili kuchipatala anandigwirira Idalina, mnzanga wakwathu konko amene amayang'anira nyumba ina mumsewu womwe uno. Pondibwezera makiyi anati, "Iwe Deolinda, masitepe ako amandidziwa dzina tsopano. Ukadzafuna kuberekanso uyambe wafunsa mawondo angawa."

Ndatumiza mafalanki 200 papositi. Mugule kankhumba kumsika wa mwezi uno, musadikire wa Epulo, timakwera mtengo. Tsiku lathu lothirira kungalande lisakudutseni, mukapanda kupita ena amatembenuzira madzi kwawo. Makoma a nyumba yathu yatsopanoyo asawakhudze munthu mpaka a Belmiro atabwera.

Kachipewa munaluka kanafika, n'kokongola. Ngati ulusi unatsala mulukenso kena kokulirapo.

Mwana wanu,
Deolinda


Paris, 29 Epulo 1973

Amayi anga,

Ndidalitseni. Kalata yanu inafika. Ndakondwa kumva kuti chifuwa chaleka ndipo kankhumba kakudya. Ine ndilipo, kungoti tulo n'tochepa.

Mwafunsa kuti khanda likufuniranji chipewa chachikulu, ndi kuti linabatizidwiranji mothamanga. Simunapusitsike. A Dona Alzira, ndakugwirani mwendo, zimene muwerenge apa zithere pakauntala panupo.

Abílio anabadwa ndi chotupa pamsana, msana wake sunatsekeke. Anamuchita opaleshoni tsiku lachiwiri. Miyendo yake siigwedera, ukamutsina kuphazi samva. Kenako madzi anayamba kudzaza m'mutu, mutu n'kumakula, ndiye anamuika kapaipi pansi pa khungu kotsitsa madziwo. Anatipatsa mwanayo sabata zitatu zapitazo. Kuseri kwa khutu kuli kotupa ngati nyemba, ndimakadina kakhumi m'mawa ndi kakhumi madzulo kuti madzi aziyenda. Mkodzo sataya bwino yekha, ndimachita kumufinya pamimba maola atatu alionse. Mutu ndimauyeza ndi tepi ya telala n'kulemba pakalendala. Nesi amabwera Lachiwiri lililonse. Ine ndimayeza katatu patsiku ngakhale anati kamodzi n'kokwanira, chifukwa nthawi zina ndimakayika ngati tepi ndinaigwira bwino.

Chinthu chimodzi chandikanika. Dokotala anati m'mawa uliwonse ndizimukhazika tsonga n'kumugwira paliwombo. Likakhala lofewa zili bwino. Likatupa n'kulimba ndiye kuti kapaipi katsekeka, ndithamangire kuchipatala. Amayi, ndinayesa. Dzanja limafika pafupi n'kubwerera lokha. Ndimakumbukira mbama ija munandimenya nditagwira mutu wa khanda la azakhali, muja munati paliwombo sagwirapo, moyo wa mwana umapumira pamenepo.

A Belmiro anandiseka. Anati, "Sendera uko ndi nzeru zako zakumapiri. Ine tsiku lonse ndimadina pulasitala kuona ngati wauma, ichi n'chiyani?" Ndiye amagwira ndi iwo asananyamuke, ndi chala chawo chokhakhala simenti chija, n'kumuuza mwana kuti, "Sanaume bwana, tibwerenso mawa." Iye amaseka. Kuyambira m'chiuno kukwera m'mwamba ndi mwana ngati ana onse. Maso ndi a malemu bambo enieni, ndipo amanditsata kulikonse ndalowera.

M'nyumba muno sindinauze aliyense. Chitseko cha kachipinda kathu n'chagalasi, odutsa amasuzumira, ndiye kabedi kake ndinakabisa kuseri kwa kabati. Kachipinda kano n'ka ntchito, amayi. Ntchito ikatha pogona pathanso.

Soseji munatumiza ndi mwana wa a Firmino inafika itayamba nkhungu, tinangopala n'kudya. Mafuta a azitona kuno adula moti ndimathira ndi kasupuni.

Mutipempherere.
Deolinda


Paris, 10 Juni 1973

Amayi,

Ndidalitseni. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli ndi mphamvu. Abílio wanenepa pang'ono, bala lapamsana lauma. Ine msana ndi umene ukundiwawa koma si kanthu.

Ndamva zimene mwalamula, kuti chipewa chisamachoke kumutu ndi kuti dzanja la mwamuna lisamafike paliwombo. Chipewa amavala, kupatula poyeza. Zinazo ndi za dokotala, sindingawaletse a Belmiro. Ndamvanso kuti apongozi anga akuuza anthu pachitsime kuti matendawa ndi a magazi akwathu. A Dona Alzira, zikomo kwambiri posunga chinsinsi.

Kunonso zadziwika. Ndikamakwera m'mwamba ndimapachika kabolodi pachitseko kolembedwa kuti ndili pamasitepe, koma tsopano ndimakolopa nsanjika imodzi n'kutsika kukamuona, kukweranso, kutsikanso. Ntchito ya maola awiri imanditengera mpaka masana. Madamu Fournel a nsanjika yachitatu anandiimitsa Lolemba.

"Deolinda, makalata anga afika 11 koloko. Kodi positi ofesi inasamukira ku Portugal?"

"Pepani madamu."

"Ndipo matewera aja pabwalo. Ino si nyumba ya matewera."

"Pepani madamu."

Anakanena kwa bwana woyendetsa nyumba. Bwanayo sanakalipe, anangoyendetsa chala pachitsulo chogwirira masitepe n'kuchiyang'ana.

Lachinayi kunabwera mayi wa boma woona za mabanja, Madamu Aubry, wotumidwa ndi chipatala. Si munthu woipa. Anakhala pampando wathu umodzi uja, anayang'ana khoma lomwe limachita thukuta, anayang'ana zenera, kenako anati, "Mayi, kumpoto m'mbali mwa nyanja kuli nyumba ya ana oterewa. Kuli manesi nthawi zonse, kuli mpweya wabwino. Ndikhoza kumulembetsa."

Ndinati, "Mwana wanga ali ndi amake."

Anati, "Amake ali pamasitepe."

Nditamufotokozera Idalina anati, "Ukanamuuza atengere Madamu Fournel kunyanjako, ofunika manesi ndi amenewo." Ndinaseka, koma atapita ndinakhala pansi n'kuyamba kuganiza. Kodi boma likhoza kungomutenga? A Belmiro akuti silingathe popanda ife kusaina. Nanga akadzanena kuti mapepala athu okhalira kuno ali ndi vuto? Zimenezi zimandizungulira m'mutu tsiku lonse.

Mwezi uno ndatumiza zochepa, mankhwala opaka pamsana timagula tokha. Udzu wa kudambo mupemphe amalume akutchetchereni usanagwe, mudzawapatse gawo lawo monga kale.

Deolinda


Paris, 29 Julayi 1973

Amayi anga,

Ndidalitseni. Kalata iyi akupatsani ndi a Belmiro pamanja, akunyamuka mkucha. Ndikhulupirira akupezani muli bwino. Ife tilipo.

Ine ndi mwana sitibwera. Dokotala wakana, akuti masiku awiri m'galimoto ndi kutentha kuno sangapirire, ndipo kapaipi kakatsekeka panjira palibe angatithandize. Aka n'koyamba kukhala kuno Ogasiti chibwerereni. Ndinkaganiza kuti a Belmiro nawonso atsala. Tinakangana.

Anati, "Denga silidikira. Matailosi ndinaitanitsa, amisiri ndinapangana nawo chaka chatha. Ndikapanda kufolera makoma adzamwa mvula nyengo yonse yachisanu."

Ndinati, "Makoma alibe liwombo."

"Ndipo anthu adzati chiyani? Aliyense akafika ndi galimoto pachikondwerero cha woyera wakumudzi, ine kulibe. Adzati Belmiro zamuvuta ku France."

"Sizinakuvuteni kodi?"

Kenako anati, "Uli ndi zala khumi mkazi iwe. Sankhapo chimodzi."

Musawakalipire. Masiku ano amachedwa kubwera kunyumba, sindinena zambiri. Mukawafunsa za mwana adzakuuzani za galimoto, muzingowasiya.

Msewu wathu ukutha anthu. Idalina akupita ndi banja lake Lachitatu. Nesi wathu ali patchuthi, akuti kudzabwera wina koma sakudziwa tsiku. Eni nyumba ino onse akupita kunyanja, andisiyira makiyi, maluwa oti ndizithirira nsanjika zinayi, ndi mphaka wa Madamu Fournel. Bwana akuti popeza masitepe akhala opanda owaponda, ndiwapale onse ndi kupaka polishi watsopano asanabwerere. Anati akufuna adzadzionere nkhope pamasitepepo. Ndinamva tanthauzo lake.

Za liwombo ndiyesa. Ndikalephera tepi ilipo.

M'chikwama muli khofi, nsalu yakuda ya siketi yanu, ndi sopo wa a Dona Alzira ngakhale sanamugwirire ntchito. Pobwerera muwapatse a Belmiro mbatatesi ndi mafuta, koma soseji ayi, kukutentha. Pachikondwerero mukayatse kandulo yotalika ngati mwanayo, ndi masentimita 64.

Deolinda


Paris, 12 Ogasiti 1973

Amayi anga okondedwa,

Ndidalitseni. Lero ndikulemba ndi mtima wopepuka, ndikhulupirira nanunso muli bwino ndi alendo onsewo.

Kandulo yanu iyenera kuti yagwira ntchito. Sabata ino Abílio akugona ngati mwana wa mngelo. Uja ankalira ndikangotseka chitseko, tsopano ndimachita kumudzutsa kuti ayamwe, n'kugonanso. Ndapala nsanjika zinayi masiku atatu okha. Masitepe akuwala moti mphaka uja anaterereka dzulo. Bwana sadzapeza ponena.

Wasanza kawiri, koma n'kutenthaku, ngakhale ine chakudya sichikulowa. Tepi yasuntha pang'ono pokha, mwina ndi tsitsi. Chipewa chachiwiri chija chayamba kumuthina, akukula. Nesi watsopano sanabwerebe.

Muwauze a Belmiro kuti asakwere padenga atamwa. Mundilembere kuti ndani wanyamula chifanizo cha woyera pachikondwerero chaka chino.

Deolinda


Paris, 2 Sepitembala 1973

Amayi,

Ndidalitseni ngati mungathe. Ndikhulupirira muli moyo. Telegalamu munaimva, ndikudziwa a Belmiro anakuwerengerani, koma munali mawu asanu okha. Zotsalazo ndi izi.

Nesi watsopano anabwera Lachinayi pa 16 Ogasiti. Anandipeza ndili pansanjika yachisanu ndi chitini cha polishi. Titalowa m'kachipinda ndinamuuza monyadira kuti mwana akugona bwino. Anamunyamula, anavula chipewa osandifunsa. Liwombo linali litatupa ngati dzira, ndinaliona ndili chapatali. Maso anali atagwera pansi, kumangooneka koyera.

"Munaligwira liti komaliza?"

Ndinayang'ana pansi.

"Liti, mayi?"

"Amagwira ndi bambo ake."

"Bambo ake ali kuti?"

"Akufolera nyumba."

Anathamangira kulamya. Anamuchita opaleshoni madzulo omwewo. Kapaipi kanali katatsekeka masiku ambiri. Tulo tija ndinakulemberani mokondwa sitinali tulo.

Moyo wapulumuka. Akuyamwa, akugwira chala changa. Koma sakunditsatanso ndi maso. Dokotala anamuyendetsera katochi kumaso uku ndi uku, iye n'kumangoyang'ana kumene kukuchokera mawu. Akuti madzi anapanikiza mitsempha ya maso nthawi yaitali. Akuti mwina pang'ono padzabwerera, mwina ayi. Ndinafunsa kuti ndikanabwera naye Lamlungu lija ndinakulemberani zikanatheka? Anayamba kukonza mapepala patebulo.

A Belmiro atapita, poyeza ndi tepi ndinkakweza chipewa chakutsogolo kokha, pamwamba osayang'anapo. M'mawa uliwonse ndinkati ndigwira mawa. Sindikukuimbani mlandu, amayi. Inu munandiphunzitsa zimene munaphunzitsidwa. Dzanja linali langa.

A Belmiro anafika pa 21. Anaima pambali pa bedi lachipatala nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti, "Unagwira?" Ndinati ayi. Anati, "Inenso ndinakusiyani n'kupita." Kuyambira pamenepo sitinakambenso. Denga akuti lakhala bwino.

Mwana atuluka sabata yamawa. Tsopano pali mankhwala a kukomoka katatu patsiku, kuwonjezera pa zonse zija, ndipo akuti asamakhale yekha ngakhale kanthawi. Liwombo ndikugwira. Nesi anachita kunditenga dzanja n'kuliika pamenepo. Ndi pofunda, pamagunda pang'onopang'ono. Palibe chinachitika.

Sindinakupempheni kanthu kakakulu chichokereni kwathu. Bwerani, amayi. Ngakhale nyengo yachisanu yokha. Mudzangokhala naye pafupi ine ndili pamasitepe. Ng'ombe musiyire amalume, nkhumba muphe msanga. Pasipoti wansembe akhoza kukuthandizani, ya sitima titumiza. Tidzagona atatu, a Belmiro adzayala pansi.

Deolinda


Paris, 14 Okutobala 1973

Amayi anga,

Ndidalitseni. Ndamva kuti miyendo yayambanso kutupa, pepani. Muziikweza pampando madzulo. Ife tilipo.

Kalata yanu ndinaiwerenga kanayi. Mwanena za mbatatesi, za mphesa, za maliro a a Firmino. Za kubwera mwangoti muona ikaphedwa nkhumba. Nkhumba imaphedwa mu Disembala, amayi. Ndikudziwa simunakwerepo sitima, ndikudziwa za miyendo. Sindikudandaula.

Mwati bwanji ndibwere naye kwathu, nyumba ili ndi denga tsopano. Ndinafunsa. Dokotala anandifunsa kuti kuchokera kumudzi kukafika kuchipatala chodziwa kapaipi ndi maola angati. Nditamuuza kuti basi imadutsa kawiri pasabata anangondiyang'ana. Kapaipi akuti kadzatsekekanso, sizilephera, mwana akamakula.

Ndinayesa kukwera naye. Ndinamuika m'dengu la zochapa, kumamusuntha nsanjika ndi nsanjika. Zinatheka masiku anayi. Lachisanu anakomoka pakhomo pa Madamu Fournel penipeni, ine manja ali m'ndowa. Madamuwo anatuluka, anamuona koyamba. Anabweretsa thaulo n'kunena kuti, "Deolinda mwana wanga, sindinkadziwa kuti zili chonchi." Mawa lake analembera bwana kuti n'zosayenera, kuti zikumvetsa chisoni anthu a m'nyumba. Mwina anachita ndi mtima wabwino, sindikudziwa.

Bwana wandipatsa mpaka kutha kwa Novembala. Akuti masitepe akhale monga kale ndipo mwana asaonekenso m'mwamba, apo ayi kachipinda akapereka kwa banja lina. Tayang'ana chipinda cha lendi. Ndi malipiro a a Belmiro okha tikhoza kungobwerera kuzisakasa zamalata zija tinafikira poyamba, kopanda madzi. Kumeneko Madamu Aubry akuti sangalole mwana wotere, ndipo pamenepo sadzafunanso kusaina kwanga.

Idalina amandikhalira naye ola limodzi masana, koma naye ali ndi masitepe ake. Amamuimbira nyimbo zotukwana zakumunda, akuti, "Bola amve zoona adakali wamng'ono." Dzana pochoka sanaseke. Anati, "Mnzanga, wadziona pagalasi? Ukagwa iwe, adzamufinya ndani?"

Malo apezeka kunyumba ya kunyanja ija. Madamu Aubry anabweretsa pepala. Ndi maola anayi pasitima, amalola kukaona ana Lamlungu limodzi pamwezi. Anandionetsa chithunzi, mabedi oyera ali pamzere, ndinawerenga makumi awiri ndi anayi. Akuti ndikakana malowo apita kwa mwana wina ndipo ena sadzapezeka chaka chino. A Belmiro anasaina kale mbali yawo. Anati, "Kumeneko sadzaiwala kumugwira." Kenako anatuluka, sanadye.

Mwina akunena zoona. Kumeneko kuli odziwa, ine ndinamuchititsa khungu ndi manja anga osagwira. Koma amayi, Abílio amadziwa mapazi anga. Akamalira ine n'kuyamba kutsika, amaleka ndisanafike n'komwe, ndikadali pansanjika yoyamba. Akatsika wina aliyense saleka. Chatsala kwa iye ndi makutu, ndipo kumeneko azidzamvetsera masiku makumi atatu kuti andimve kamodzi.

Mwezi uno sinditumiza kanthu. Mphesa mugulitse zonse, musasunge za ife.

Pepala lili pansi pa wailesi. Sindinasaine ndipo sindinakane. Madamu Aubry akubwera kudzalitenga Lachinayi, kalata ino idzakupezani Lachinayilo litadutsa. Ngati mudzabwera sindikudziwa, ngati maso adzabwerera sindikudziwa, ndipo chimene ndidzamuuze mayiyo akadzagogoda sindikuchidziwa.

Mwana wanu,
Deolinda